Munda Umodzi, Abale Awiri: Filimu ya Matira Manisha

Anzanga, tikangomva kuti filimu ya ku India, ambirife m'mutu mumabwera zija za ku vidiyo sho: mnyamata mmodzi kumenya anthu makumi awiri tsitsi osasokonekera, mtsikana kuvina pamvula, nyimbo kungoyamba popanda woiitana. Zimenezo n'za ku India ndithu, koma India si yomweyo basi. Ambiri mwa mafilimu amene timaonerawo ndi a chiyankhulo cha Hindi opangidwa ku Mumbai, ena ndi a Telugu ndi Tamil ochokera kum'mwera kwa dzikolo. Filimu imene ndikufuna tikambirane pano ndi ya mtundu wina. Ndi yakale, ya bulaki eni waiti, ndipo nkhani yake si ya mfuti kapena magalimoto ogubuduzika. Nkhondo yake yonse ili pa munda wa mpunga ndi nyumba imodzi ya kumudzi. Dzina lake ndi Matira Manisha, inatuluka mu 1966, ndipo anthu ake amayankhula Odia.

Odia? N'chiyani chimenecho?

Tsegulani atilasi pa mapu a India, muyang'ane kum'mawa, m'mbali mwa nyanja ya Bay of Bengal, chakumunsi kwa mzinda wa Kolkata. Pamenepo pali chigawo cha Odisha. Likulu lake ndi Bhubaneswar, ndipo pafupi pomwepo pali mzinda wakale wa Cuttack, umene uli pa mtsinje waukulu wa Mahanadi. Ngati atilasi yanu ndi ya m'gulu la zakale zija za mu laibulale, mupeza palembedwa Orissa, ndipo chiyankhulo chake mabuku akale amachitcha Oriya. Maina onse awiri anasinthidwa kalembedwe mu 2011. Kalembera wa chaka chomwecho anapeza kuti anthu oposa 37 miliyoni amayankhula Odia ngati chiyankhulo chobadwa nacho. Ndiye kuti ndi ochuluka kuposa Amalawi tonse, koma chikhalirecho ambirife sitinamvepo ngakhale dzina lake.

Eni ake anachimenyera nkhondo chiyankhulochi. M'zaka za m'ma 1800, mu ulamuliro wa Angerezi, kunali anthu ena amene ankanena kuti Odia si chiyankhulo pachokha, ndi nthambi chabe ya Bengali, choncho ana asukulu azingophunzira Bengali. Anthu a Odia anakana. Iwo anali omwazikana m'zigawo zosiyanasiyana za atsamunda, ndipo anapempha kwa zaka zambiri kuti awaike pamodzi. Zinatheka pa 1 April 1936, pamene chigawo chawo chinakhazikitsidwa potsata chiyankhulo, ndipo mpaka lero tsikuli amalikumbukira chaka ndi chaka. Zilembo zawo mukaziona mungaseke: pafupifupi chilichonse chili ndi kadenga kozungulira pamwamba ngati ambulera. Akatswiri amati n'chifukwa choti kale ankalemba pa masamba a mgwalangwa ndi kachitsulo kosongoka, ndipo mzere wowongoka ukanang'amba tsambalo.

Chaka chomwecho cha 1936 kunatulukanso filimu yoyamba ya Odia, Sita Bibaha. Yachiwiri, Lalita, anaidikira mpaka 1949. Zaka 13 popanda filimu ina! Choncho pofika 1966 mafilimu a chiyankhulochi anali akadali owerengeka, ndipo iliyonse yotuluka inali nkhani.

Buku lisanakhale filimu

Matira Manisha linayamba ndi buku. Analilemba Kalindi Charan Panigrahi, amene anabadwa mu 1901 n'kumwalira mu 1991, ndipo linasindikizidwa m'zaka za m'ma 1930. Ku Odisha ndi limodzi mwa mabuku odziwika kwambiri. M'chiyankhulo chawo mati ndi dothi kapena nthaka, manisha ndi munthu. Ndiye mutuwo tingaumasulire kuti Munthu wa Nthaka, kutanthauza munthu amene moyo wake wonse uli m'dothi limene amalima. Mwana wamkazi wa mlembiyu, Nandini Satpathy, anadzakhala nduna yaikulu yolamulira chigawo cha Odisha m'zaka za m'ma 1970, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Nthawi imene bukuli linkalembedwa, India inali m'kati molimbana ndi atsamunda, ndipo maganizo a Mahatma Gandhi anali ponseponse: osabwezera choipa, osakonda chuma, kugonjetsa mdani pomuchititsa manyazi ndi ubwino wako. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa popanda iyo zochita za mpangankhani wamkulu zioneka ngati misala.

Nkhani yake

M'mudzi wa Padhanpada, m'mbali mwa mtsinje wa Birupa m'dera la Cuttack, muli mlimi wachikulire dzina lake Shama Pradhan. Ali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu ndi Baraju, munthu wofatsa, wolimbikira ntchito, amene mudzi wonse umamulemekeza. Wamng'ono ndi Chhakadi, mnyamata wa m'gulu lija loti dzuwa likatentha kumunda iye ali pamthunzi, woyendayenda m'mudzi, wosadziwa kuti mpunga wa m'mbale wachokera kuti. Onse awiri ndi okwatira, ndipo onse amakhala m'nyumba ya bambo awo, kudya za mumphika umodzi.

Shama ataona kuti imfa yayandikira, akumuitana Baraju n'kumusiyira mawu. Akumupatsa udindo wosamala mng'ono wake, ndipo akumupempha chinthu chimodzi: munda ndi nyumba zisadzagawidwe pakati pa abale awiriwa. Baraju akuvomera. Mkuluyo akutsikira kuli chete, ndipo nkhani yeniyeni ikuyambira pamenepo.

Mkazi wa Baraju amatchedwa Harabou. Limeneli si dzina lake lobadwa nalo. Mu Odia bou ndi mayi, choncho Harabou ndi chimodzimodzi mmene ife timanenera kuti make Hara. Mkazi wa Chhakadi ndi Netramani. Atengwa awiriwa sakumwerana madzi. Netramani akuona kuti m'nyumbamo iye ndi mwamuna wake ndi anthu ongouzidwa zochita, ndipo akumuumiriza Chhakadi kuti apemphe gawo lake. Kunja kwa mpanda kulinso Hari Mishra, mthirakuwiri wa m'mudzimo, kampeni kumphasa weniweni, amene akusonkhezera moto mwakachetechete uku akuoneka ngati wofunira mnyamatayo zabwino. Mawu a kuchipinda ndi mawu a kubwalo akakumana m'khutu limodzi, munthu salimba. Chhakadi akupita kwa mkulu wake n'kunena mawu amene bambo awo ankawaopa aja: tigawane.

Apa ndiye pachimake. Baraju ali pakati pa miyala iwiri. Akagawa, waphwanya lonjezo la kwa malemu. Akakana, wamumana mng'ono wake chinthu chimene chili chakenso, ndipo mkangano ukula mpaka kukafika kubwalo la milandu. Iye akusankha njira yachitatu imene palibe anaiganizira. Akumupatsa Chhakadi zonse, munda wonse ndi nyumba yonse, n'kutenga mkazi wake ndi ana ake kutuluka m'mudzimo, wopanda kutukwana, wopanda kutemberera. Munda sunagawidwe. Nyumba sinagawidwe. Chhakadi watsala ndi zochuluka kuposa zimene anapempha, koma mtendere wamuthawa. Nyumba yamukulira, zakale zikumubwerera m'mutu, mpaka akunyamuka kulondola mkulu wake kukamupempha kuti abwerere.

N'chifukwa chiyani mkuluyo ankaopa kugawa?

Mwina wina akuti, aise, vuto n'chiyani? Abale awiri, munda umodzi, dulani pakati basi, aliyense aone zake. Pamapepala n'zophweka. Kumunda wa mpunga sizili choncho.

Mpunga wa kuchigwa umafuna madzi oima. Kuti madziwo asathawe, mlimi amaumba timakoma ta dothi kuzungulira chigawo chilichonse cha munda, ndipo madzi amayenda kuchoka m'chigawo chapamwamba kupita cham'munsi. Mukagawa munda, pakati pamafunika kakhoma katsopano. Kakhomako kakudya malo amene pakanamera mpunga. Komanso tsopano wina ali kumtunda kwa madzi, wina kumunsi. Chaka cha mvula yochepa, wakumtunda akatseka, wakumunsi walira. Chaka cha madzi osefukira, wakumtunda akatsegula usiku, wakumunsi waliranso. Abale amene ankadzutsana m'mamawa kupita kumunda tsopano akudzutsana ndi milandu.

Ndiye minda si yofanana paliponse. Pali pachonde, pali pamchenga, pali pafupi ndi mtsinje, pali kutali. Kuti pasakhale wodandaula, nthawi zambiri sagawa kuti uyu atenge munda uwu, uyo atenge uwo, koma amadula munda uliwonse pawiri. Mapeto ake munthu amakhala ndi tizidutswa tinayi kapena tisanu tomwazikana, tsiku n'kuthera m'njira. A Fomu 3 amene mumamvetsera nthawi ya Agriculture mwazindikira kale mutu umenewu.

Nanga ng'ombe? Khasu la ng'ombe limakokedwa ndi ng'ombe ziwiri pagoli. Banja limene lili ndi ziwiri zokha likagawana, aliyense atenga imodzi, ndipo palibe amene angalime. Aliyense ayenera kubwereka kapena kugula inzake. Ndalama azitenga kuti? Kwa wakatapila. Chikole n'chiyani? Munda womwewo. Apa mpamene muyenera kumumvetsa munthu ngati Hari Mishra. Anthu oterewa sadanitsa abale chifukwa chongokonda phokoso ayi. Banja logwirizana ndi lovuta kulidyera. Likang'ambika, pamabwera ngongole, milandu, mboni zogula, malo ogulitsidwa motchipa, ndipo woima pambali uja ndi amene amatola.

Tiyeni tichite kasamu kakang'ono. Tinene kuti bambo ali ndi maekala 8, chitsanzo chabe. Ana aamuna awiri, aliyense 4. Aliyense wa iwo akabereka ana aamuna awiri, zidzukulu zipeza 2. Mbadwo wotsatira, ekala imodzi imodzi. Nthaka sibereka, anthu ndiwo amabereka. Ndipo izi si za m'filimu zokha. Kalembera wa zaulimi ku India anapeza kuti mu 1970/71 mlimi mmodzi ankakhala ndi mahekitala pafupifupi 2.28, koma pofika 2015/16 anali atatsika kufika pa 1.08. Shama Pradhan sanapite ku koleji ya zaulimi, koma masamu amenewa ankawadziwa ndi mtima.

Kugawa nyumba nakonso n'kowawa mwa mtundu wake. Kumeneko banja likapatukana, chizindikiro choyamba ndi moto: mafuwa amene anali amodzi amakhala awiri, ndipo nthawi zambiri pabwalo la nyumba pamadutsa khoma. Ana amene dzulo ankadyera limodzi lero akununkhiza ndiwo za tsidya lina la khomalo.

Koma Chhakadi anali ndi mlandu wanji?

Apa ndi pamene ine ndikusiyana ndi anthu amene amangoti Baraju ndi mngelo, Chhakadi ndi chitsiru, Netramani ndi njoka. Kuwerenga kotero n'kwaulesi, ndipo pa mayeso a Literature kungakupatseni mamalikisi ochepa.

Choyamba, Chhakadi sanapemphe chinthu cha eni. Pa malamulo a Ahindu amene ankatsatidwa m'madera ambiri a India, otchedwa Mitakshara, mwana wamwamuna amakhala ndi gawo pa chuma cha makolo kuyambira tsiku limene wabadwa, ndipo ali ndi ufulu wopempha kuti agawiridwe. Lonjezo la pa mphasa ya imfa analipanga ndi Baraju. Chhakadi sanalonjeze kanthu. Kodi munthu angamangidwe moyo wake wonse ndi mawu amene anavomera ndi wina?

Chachiwiri, taganizani za kukhala wamng'ono m'nyumba yotere. Banja lalikulu la ku India, lija loti abale onse ndi akazi awo ndi ana awo amakhala pamodzi, lili ndi mutu umodzi. Bambo akamwalira, mutuwo ndi mwana wamkulu. Iye ndiye amasunga ndalama, amanena chodzala, amanena chogula. Wamng'ono, ngakhale amere ndevu, amakhalabe mwana. Akafuna kandalama ayenera kupempha. Anthu amati Chhakadi ndi wosasamala, ndipo n'zoona. Koma munthu amene sanapatsidwepo chosamala angaphunzire bwanji kusamala? Mkulu wabwino kwambiri nthawi zina amakhala ngati mtengo wa mango waukulu: mthunzi wake ndi wokoma, koma pansi pake sipamera kanthu.

Ndiye pali Netramani. Kuno ambiri tinazolowera chikamwini, mwamuna kupita kwa mkazi, ngakhale kuti chitengwa chiliponso. Ku Odisha, ngati madera ambiri a India, mkazi ndiye amasiya kwawo n'kukalowa m'nyumba ya apongozi, nthawi zambiri ali wamng'ono, pakati pa anthu amene sakuwadziwa. Mkazi wa mwana wamng'ono ndiye wotsiriza pa mzere wonse: pamwamba pake pali apongozi, pali mlamu wake wamkulu, pali mkazi wa mlamuyo. Nthawi imeneyo mkazi analibe gawo lobadwa nalo pa munda wa makolo ake ngati mmene analili alongo ake. Ana aakazi a Chihindu anapatsidwa ufulu wofanana ndi aamuna pa chuma chotere mu 2005, dzulodzuloli. Choncho chitetezo chonse cha Netramani chinali pa gawo la mwamuna wake, mwamuna woti sagwira ntchito. Mlamu wake atasintha mtima, kapena atamwalira ana ake n'kukula, iye akanagwira mtengo wanji? Nsanje anali nayo, sindikumuikira kumbuyo. Koma pansi pa nsanjeyo panali mantha, ndipo manthawo anali ndi chifukwa.

Nkhani zambiri za mabanja, za kuno ndi za kutali, zimakonda kunena kuti abale ankakondana mpaka pamene mkazi anabwera. N'zosavuta kuloza chala mlendo. Koma mng'alu umakhala ulipo kale m'khoma, mtengwa amangokhala woyamba kuunena mokweza.

Ndipo Baraju anapambanadi?

Funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba zonsezi. Mwa njira ina, inde. Iye anachita ndendende zimene Gandhi ankaphunzitsa. Sanamenye, sanasumire, sanabwezere. Anangodzichotsera zonse, ndipo kudzimana kwakeko kunamupweteka Chhakadi kuposa chibakera. Akanakangana, Chhakadi akanapeza chifukwa chodana naye, Netramani akanati mwaona, ndinanena ine, ndipo Hari Mishra akanapeza mlandu wodyerapo. Pochoka mwamtendere, Baraju anawalanda onse atatu chida chawo. Munthu sungalimbane ndi mdani amene wakupatsa zonse n'kukutsanzika mwaulemu.

Koma tayang'anani bwino zimene bambo aja ankafuna. Kodi Shama ankadera nkhawa dothi, kapena ana ake? Poletsa malire m'munda, cholinga chake chinali choti abale awiriwa akhale limodzi. Baraju anasunga mawuwo, koma chimene mawuwo ankateteza chinatayika. M'munda mulibe malire, inde, koma tsopano pakati pa abalewo pali mtunda wa ulendo. Akanagawa, bwenzi akuonana tsiku lililonse pa kakhoma ka dothi kaja, mwina mokwiya chaka choyamba, mwina n'kubwerekana khasu chaka chachitatu. Ndani akudziwa?

Ndiye pali anthu amene sanafunsidwe. Harabou wagwira ntchito m'nyumba imeneyo zaka zonsezi, lero akuuzidwa kuti amange katundu. Ana aja, amene nawonso munda wa agogo awo unali tsogolo lawo, atuluka chimanjamanja chifukwa bambo awo ndi munthu wa mfundo. Kudzimana n'kwabwino ukamadzimana zako. Nanga ukamadzimana ndi za ana ako omwe? Anthu oyera mtima amatamandidwa ndi mudzi wonse, koma amene amalipira mtengo wa kuyera mtimako kawirikawiri ndi a m'nyumba mwawo. Ine Baraju ndimamulemekeza, koma sindikudziwa ngati ndingafune kukhala mwana wake.

Amene anaijambula

Wotsogolera filimuyi, dayirekitala, anali Mrinal Sen, ndipo chodabwitsa n'choti iye sanali wa Odia. Anali wa Bengali. Anabadwa mu 1923 ku Faridpur, n'kumwalira mu 2018 ku Kolkata, mzinda umene nthawi ya filimuyi unkalembedwa Calcutta. Amatchulidwa limodzi ndi Satyajit Ray ndi Ritwik Ghatak ngati akatswiri atatu a ku Bengal amene anakana mafilimu ongosangalatsa n'kuyamba kujambula moyo weniweni wa anthu wamba. Sen sankaopa kugwira ntchito m'ziyankhulo za eni: kupatula Bengali, anapanga Bhuvan Shome mu Hindi mu 1969, ndi Oka Oori Katha mu Telugu mu 1977. Mukakumbukira mkangano wakale uja wa Odia ndi Bengali, muona kuti sichinali chinthu chaching'ono kuti munthu wa ku Bengal apatsidwe buku lokondedwa chotere la anthu a Odia.

Pali zinthu ziwiri za Sen zimene zimandithandiza kumvetsa filimuyi. Choyamba ndi kwawo. Mu 1947, Angerezi pochoka, dziko linagawidwa kukhala India ndi Pakistan, ndipo Bengal inadulidwa pakati. Faridpur inagwera mbali ya Pakistan, kumene lero ndi Bangladesh, pamene Sen anali ku Calcutta, mbali ya India. Anthu mamiliyoni anasamuka, ambirimbiri anaphedwa. Liwu la Chingerezi limene amatchulira kugawa dzikoko, partition, ndi lomwenso amagwiritsa ntchito kukhoti abale akamagawana munda. Munthu woti tauni yobadwira inatsala kuseri kwa malire sangaione nkhani ya abale awiri ogawana ngati nthano chabe. Amenewa ndi maganizo anga, koma ndikukhulupirira kuti oonera ambiri a mu 1966, patangopita zaka 19 chigawireni dziko, ankamva kulemera kwa liwu limenelo.

Chachiwiri ndi ndale zake. Sen ankatsamira ku maganizo a Karl Marx, amene amati ukafuna kumvetsa khalidwe la anthu, yamba wafunsa kuti chuma chili m'manja mwa ndani, akugwira ntchito ndani, akudya ndani. Buku linalembedwa ndi mtima wa Gandhi, woti munthu asinthe mumtima. Filimu inajambulidwa ndi munthu wofunsa za munda ndi ndalama. N'chifukwa chake anthu okamba za filimuyi amatchula Gandhi ndi Marx pamodzi. Maganizo awiriwa sagwirizana pa zambiri, ndipo kukokana kwawoko ndi kumene kumapangitsa kuti nkhaniyi isakhale ulaliki wamba. Wa Gandhi akayang'ana Baraju amaona munthu amene wagonjetsa dyera. Wa Marx akamuyang'ana amafunsa kuti, chabwino, nanga mawa banja lake lidya chiyani, ndipo Hari Mishra wasiya ntchito yake kodi?

Sen sanathere pomwepo ndi banja la a Panigrahi. Mng'ono wa Kalindi, Bhagabati Charan Panigrahi, amene anali mmodzi mwa oyambitsa chipani cha chikomyunisti ku Odisha, analemba nthano yaifupi yotchedwa Shikar. Mu 1976 Sen anaisandutsa filimu ya Hindi, Mrigayaa, ndipo mnyamata wosadziwika amene anamupatsa mbali yaikulu anali Mithun Chakraborty. Eya, yemwe uja wa Disco Dancer, amene madala ambiri okonda mafilimu a ku India amamudziwa. Imeneyo inali filimu yake yoyamba, ndipo anapata nayo mphotho ya dziko lonse ya mtengambali wamwamuna wopambana. Taonaninso apa: abale awiri m'nyumba imodzi ya alembi, wina kulemba buku la mzimu wa Gandhi, wina kutsata Marx.

Atengambali a Matira Manisha ndi maina akuluakulu kwawoko. Baraju anali Sarat Pujari, amene analinso mphunzitsi wa pa koleji. Chhakadi anali Prashanta Nanda, wobadwa mu 1947, kutanthauza kuti filimuyi imatuluka iye asanakwanitse zaka 20, msinkhu wa ena a inu a Fomu 4. Pambuyo pake anadzakhala dayirekitala wotchuka, kenako n'kulowa ndale mpaka kukhala nduna ku Odisha. Harabou anali Bhanumati Devi, Netramani anali Sujata Anand, ndipo Hari Mishra anali Dukhiram Swain, amene anthu a ku Odisha amamukumbukira ngati katswiri wa mbali za anthu oipa mtima. Amene anaika ndalama zake kuti filimuyi itheke anali Babulal Doshi. 

Kwa amene angafune kuiona

Ndikuchenjezeretu: ngati munazolowera zija zoti pa mphindi zisanu zilizonse wina wathyoka mwendo, mphindi zoyambirira mudzayasamula. Mafilimu a mtundu umenewu amayenda pa liwiro la kumudzi. Amafuna kuti uone nkhope ya munthu asanayankhe, uone amene wakhala pansi ndi amene waimirira, amene akudya koyamba ndi amene akudikira. Chiyankhulo simudzamva, koma nkhani mwaidziwa kale tsopano, ndipo mkazi akamayankhula ndi mwamuna wake motsitsa mawu uku akuyang'ana kukhomo, sipafunika womasulira.

Muyeserenso kuchita zimene aphunzitsi a Chichewa amatiuza pa nthano ndi zisudzo: pezani msemphano waukulu, pezani pachimake, kenako funsani kuti mpangankhani aliyense akufuna chiyani ndipo akuopa chiyani. Mukafika pa Netramani musathamange. Amene muli ndi kabandulo kotsala kumapeto a sabata, lembani pa intaneti dzina la filimuyi pamodzi ndi la Mrinal Sen ndi chaka cha 1966, chifukwa mukalemba mutu wokha mudzakumananso ndi zina za maina ofanana. Bukulo linamasuliridwanso m'Chingerezi ndi Lila Ray, pa mutu woti A House Undivided.